Miyezi 9 akuwalembera mankhwala a mudzi

Za Lolemba ndi Lachiwiri pachipatala pathu sindinena zambiri. Ma hernia atatu, mnyamata wa kabaza wothyoka ntchafu, magetsi kuthima tili mufiyeta (chipinda cha opaleshoni), jenereta kuchedwa kulira. Izi anzanga a m'chipatala nonse mukuzidziwa. Amene andikhala pamtima ndi bambo omwe anabwera Lachitatu.

Ndi mlimi wa zaka 58. Anawaperekeza ndi mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, wabwera dala atamva kuti madala akutha thupi. Nditatsegula buku lawo la kuchipatala ndinawerenga maulendo asanu m'miyezi 9, dandaulo limodzimodzi: magazi pochita chimbudzi. Kanayi analembedwa kuti ndi nthenda ya mudzi (ma piles), kamodzi kamwazi, n'kupatsidwa Flagyl. Palibe tsamba ngakhale limodzi losonyeza kuti wina anawapima ndi chala.

Ndinavala golovesi. Chala sichinapite patali, chinakumana ndi chotupa cholimba, chokakala, chozungulira kuposa theka la njira, ndipo sichimasuntha. Golovesi inatuluka ndi magazi. Ntchito yonseyi sinakwane mphindi imodzi.

Panja mwana uja anandisonyeza foni. "Adokotala, ndawerenga kuti kunja chotupa chotere amangochiumitsa ndi kuzizira, osang'amba mimba. Za ndalama musadandaule, ndikakongola." Ankanena za cryosurgery. Ndinamulowetsa mu ofesi, chifukwa munthu amene wakwera basi masiku awiri kudzera ku Mwanza sungamuyankhe uli chiimire.

Ndinamuuza kuti njirayo ilipodi. Amagwiritsa ntchito nitrogen wamadzi, wozizira mpaka madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo nyama ya chotupa imafa n'kumayoyoka. Koma pa khansa ya kumapeto kwa matumbo, kwakukulu imathandiza kuchepetsa magazi ndi kutsegulako njira kwa odwala amene sangapirire opaleshoni yaikulu. Vuto lake lina, ukaumitsa chotupa sutsala ndi nyama yoti akaipime n'kukuuza ngati wachotsa chonse. Ifenso kuno cryotherapy timaidziwa, tinkaumitsira zilonda za khomo la chiberekero, ndipo tikukumbuka mmene masilinda a gasi ankathera amayi ali pamzere, mpaka zipatala zambiri zinasamukira ku thermal ablation, njira yowotcha zilondazo ndi kutentha.

Ndinamufotokozeranso za TEM, imene Gerhard Buess anayambitsa ku Germany cha m'ma 1983, ndi TAMIS imene inabwera cha m'ma 2010. Amadzera kumatako komweko ndi kamera, n'kudula chotupa bwinobwino, mimba osaikhudza. Koma zimenezi n'za chotupa chaching'ono, chosapitirira masentimita atatu, chosuntha, chimene sichinalowe m'mnofu wa thumbo, ndipo pafunika MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, yotsimikizira. Cha bambo ake chinali chitadutsa kale pamenepo. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga akanachiona ulendo woyamba uja?" Ndinamuuza zoona, kuti mwayi ukanakhala wokulirapo. Sanakalipe. Anangoika foni m'thumba.

Apa ndiye pandipsetsa mtima. Kamera ya TEM tilibe, ndipo sindikuimba mlandu aliyense pa chimenecho. Koma chala tonse tili nacho. Anzanga a ku OPD, kumene odwala osagonekedwa amaonedwa, ndikuwamvetsa, mzere umafika pageti, chipinda chilibe katani, magolovesi amawerengeredwa. Komabe munthu wopitirira zaka 50 akataya magazi kumbuyo kachiwiri, kachitatu, kulemba mudzi usanamugoneke chammbali n'kumulakwira.

Lachinayi ndinadula kanyama koti akapime. Formalin, mankhwala osungiramo kanyamako, mufiyeta munalibe, sisitala anachita kukapempha kuwodi ina. Galimoto yopita kumene kuli labu akuti ilibe mafuta. Tsiku lomwelo akuluakulu anatiitanira msonkhano wa maola awiri wokonzekera alendo, nkhani yake ya penti ndi maluwa a pakhomo. Nditafunsa za matumba a colostomy, olandira chimbudzi thumbo likatulutsidwa pamimba, anati tidzakambirana mwezi wamawa.

Lachisanu usiku mimba ya bambo aja inafufuma, akusanza, mpweya osatuluka. Panalibe kuchitira mwina, tinayenera kutulutsa thumbo pamimba. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndine mkulu wa mpingo. Ndikaima bwanji kutsogolo ndi thumba la chimbudzi?" Ndinati, "Bambo, thumbalo limabisika m'malaya, ndipo anamwino akuphunzitsani kasamalidwe kake. Tikadikira kuche, thumbo liphulika." Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali asanadinde chala papepala.

Opaleshoni inayenda bwino, tinatuluka cha m'ma 2 koloko usiku. Kusitolo matumba kunalibe, choncho namwino wa usiku anadula jumbo yoyera n'kuimata ndi pulasitala. Kutacha mwana uja anapita m'tauni kukasaka matumba m'mafamase, anapeza asanu okha.

Lero Loweruka ndawapeza atakhala tsonga, akumwa phala pang'onopang'ono. Andifunsa kuti zotsatira zibwera liti kuti adziwe ngati apite kuchipatala chachikulu kapena ayambe akaona fodya wawo. Kabotolo ka kanyama kaja kakadali pashelefu ya mu ofesi ya sisitala, ndipo ndalonjeza kuti Lolemba ndikapereka ndekha pa minibasi.