Mmene ndinasandutsira apongozi bonongwe

Nditagula kamera yakaunjika ndinadziona ngati ndafika. Chotsala chinali printa, paja kwathu kuno chithunzi cha pafoni sachiwerengera. Amafuna chogwira m'manja, choti akachitsamiritse pakabati pafupi ndi makapu a alendo.

M'sitolo ina ku Limbe mnyamata wogulitsa anandionetsa mitundu itatu. Panali kakang'ono ka Canon Selphy kotulutsa zithunzi za mainchesi 4 x 6, kamene pepala limalowa n'kutuluka kanayi: chikasu, magenta (wofiira ngati pinki), cyan (wabuluu ngati thambo), pomaliza kansalu koteteza ku madzi. Panali ya matanki, monga Epson EcoTank, imene inki umachita kuthira kuchokera m'botolo. Pakona panali ina ya makatiriji (timabokosi ta inki togula tikatha), sikana yokopera zithunzi za papepala ili pamwamba pomwepo, mtengo wosafika ndi theka lomwe la zinzakezo.

"Bwana, iyi imatchipa tsiku logula lokha," anatero. "Pa inki mudzalira."

Ndinati mwana uyu akusaka komishoni. Ndinasenza yotchipayo.

Inki yobwera m'katoni ndi yongolawitsa. Nditajambula mkazi wanga, mwana ndi galu, basi yatha. Makatiriji awiri atsopano anandidya ndalama yotsala pang'ono kufanana ndi ya makina onse. Pamenepo ndinachenjera: ndinafunditsa printa chitenje, miyezi iwiri osaiyatsa, ati kusunga inki. Kumeneko ndiye kudzipha. Inki ikakhala osayenda imauma m'timabowo totulukira, ndipo kwa ine inatsekeka ndi magenta. Popanda magenta, khungu la munthu limatuluka lobiriwira.

Zimenezi ndinaziphunzira pa chinkhoswe cha mlamu wanga ku Chilobwe. Ndinali nditalonjeza kuti zithunzi zifika m'mawa mwake. Apongozi anandipatsanso chithunzi chawo chaukwati cha 1984, chimodzi chokhacho, kuti ndichikulitse. Ndinagwira ntchito usiku, babu ili yofooka, maso akulemera, chitumbuwa kudzanja lamanzere. Zonse ndinaika mu envulopu, mkazi wanga n'kupita nazo mbandakucha.

Dzuwa lisanatenthe foni inalira.

"Bambo a Chisomo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu?"

"Ine ndimayesa ndili bwino, koma ndaona zithunzi. Kodi dzulo lija ndimadwala, inu osandiuza?"

Nkhope yawo inali ngati bonongwe wa pachulu. Mkwati wobiriwira, ankhoswe obiriwira, ngakhale tambala amene anagawana uja. Amene anaoneka bwino ndi amalume okha, poti anavala suti yobiriwira kale.

"Nanga malemu bambo anu," anapitiriza modekha, "zaka 31 ndakhala nawo, njerewere pamphuno sindinawaonepo."

Nyenyeswa ya chitumbuwa inagwera pagalasi la sikana, ndipo ine ndinasikana pa 600 dpi, timadontho 600 pa inchi iliyonse, kuti pasatsale kanthu. Sipanatsaledi kanthu.

Ndinathamangira kutsuka timabowo tija. Printa imadzitsuka ndi inki yomweyo, ndiye nditabwereza kachinayi magenta inatseguka, chikasu n'kutha. Apongozi anatuluka ofiirira ngati biringanya.

Lolemba ndinabwerera ku Limbe. Mnyamata uja atandiona pakhomo sanafunse kanthu, anangoyamba kupukuta fumbi pa ya matanki ija. Chithunzi chobiriwiracho apongozi anakana kubweza. Chili pakabati mpaka lero, ndipo mlendo aliyense akafunsa amamuuza kuti, "Ndi luso la mkamwini wathu."