Zikomo anthu a pa Benga

Loweruka lapitali Land Rover ya malemu bambo anga, Series III ya 1978, idatifera pa msewu wa M5 titangodutsa pa Benga. Ndakhala zaka ziwiri ndikuikonza pakhomo ku Salima, ndipo uwu udali ulendo wake woyamba wautali, nditatenga amayi. Fanibeluti idaduka, injini n'kutentha, nthunzi ili tolotolo.

Mnyamata wa kabaza adapalasa mpaka pamsika n'kubwera ndi agogo ena amakaniko. Agogowo atangoiona galimotoyo adaisisita pa boneti, amvekere ntchito adaphunzirira pa zoterezi. Adadula chubu chakale cha njinga, n'kuchiluka, n'kuchikoleka m'malo mwa lamba uja. Mayi wina wogulitsa chinangwa adatitungira zidebe ziwiri pa mjigo, koma agogo adatiletsa kuthira m'rediyeta mpaka injini itazizira. Ndalama adakana onse atatu.

Chubu chija chidatifikitsa ku Nkhotakota. Pa mlatho wa Chia amayi adati, "Taima pano mwanawe," pomwe bambo ankakonda kugula chambo. Amayi adakhala pampando wawo womwe uja, mkono uli pawindo, akuyang'ana madzi nthawi yaitali. Inu a pa Benga, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.