Tsiku lomwe Photos inakana kutsegula zithunzi za chinkhoswe

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta pa Kasungu boma pano, kompyuta yake ndi ya Dell yakalekale ija ya bokosi, ili ndi Windows 10. Lachiwiri lapitali kunabwera mayi wina wochokera ku Santhe ndi flashi, akuti muli zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo ndipo akufuna asankhe zabwino zabwino ndiwapulintire. Ndinawapatsa mpando, ndikulowetsa flashi, kudina kawiri pachithunzi choyamba, basi kabokosi kofiira kaja mbwee, File system error (-2147219196). Ndinayesa chachiwiri, chimodzimodzi, chachitatu sikirini inangoda kenako nkuzitseka yokha. Mayi aja anayamba kugwira pamtima, akuti bambo musandiuze kuti zithunzi zafufutika, wojambula uja anachoka kale ndipo kwina kulibe.

Msuweni wanga amene amandithandiza kubaindinga anangoti aise ifomate basi, ili ndi vairasi imeneyo. Iyeyu vuto lililonse mankhwala ake ndi kufomata, ngakhale mausi itangosiya kuyenda. Ine ndinakana kaye chifukwa m'kompyutamo muli ma CV a anthu, makalata a makilabu a fodya, ma setifiketi osikana, zonsezo kuti ndizisamutse ndiye kuti tsiku lonse latha.

Choyamba chomwe ndinachita, ndipo aliyense ayambire pomwepa, ndikuona ngati chafa ndi chithunzi kapena ndi pulogalamu yoonera. Ndinadina chithunzi chija ndi batani lakumanja la mausi, Open with, nkusankha Paint. Chinatseguka bwinobwino, mtsikana atavala chilundu chake ankhoswe ali mbali zonse nkhuku ili m'manja. Mayi aja anapumira m'mwamba, akuti ndi ameneyo mwana wanga ameneyo. Apa ndinadziwa kuti flashi ilibe mlandu, yadwala ndi Photos, pulogalamu ya Windows yoonera zithunzi. Koma Paint siungasankhire zithunzi zoposa 200, umayenera kutsegula chimodzi chimodzi, ndiye ndinawapempha kuti akayambe agula zomwe amafuna kumsika abwerenso ikamakwana 2 koloko.

Atachoka ndinalowa mu Settings, Apps, kenako Apps & features, nkusaka Microsoft Photos pamndandanda paja. Mukaidina pamatuluka timawu ta Advanced options, mulowe mmenemo mutsike pansi mupeza mabatani awiri, Repair ndi Reset. Repair imayesa kukonza osakhudza kanthu, Reset imaibwezera mmene inalili ili yatsopano, koma musaope sizifufuta zithunzi zanu, zithunzi zimakhala m'mafoda mwake osati mkati mwa pulogalamuyo. Anthu ambiri zimawathera pomwepa. Ine ndinadina Repair, kachizindikiro kakuti zatheka kanabwera, kuyesa chithunzi, error yomweija. Reset, kuzimitsa kompyuta nkuyatsanso, yomweijanso. Msuweni uja akuseka, akuti ndinakuuza ine.

Ndiye ndinaganiza zoichotseratu ndiikenso yatsopano. Photos ilibe batani la Uninstall logwira ntchito pa Windows 10 yangayi, limakhala lotuwa, ndiye umadzera ku PowerShell, windo lomwe umalembamo malamulo ouza kompyuta chochita. Mudine Start ndi batani lakumanja, musankhe Windows PowerShell ya Admin, ikafunsa muvomere. Pa sikirini ya buluu ija ndinalemba kuti Get-AppxPackage *Microsoft.Windows.Photos* | Remove-AppxPackage nkumenya Enter. Kamzere koima kali pakatiko kanandivutitsa kukapeza, pa kiyibodi yanga kali pabatani lomwe lili pafupi ndi Enter ndipo umagwirizira Shift. PowerShell siinena kuti zikomo kapena ndamaliza, imangobwerera pamzere watsopano, ukayang'ana pa Start ndi pomwe umaona kuti Photos yapita.

Kulakwitsa kwanga kunali apa, ndinachotsa ndisanaone ngati Microsoft Store ikutseguka, pomwe yatsopanoyo imachokera komweko. Kompyuta yangayi siikhala pa intaneti, bandulo njodula, ndimangolumikiza foni ndi chingwe cha USB pakafunika. Ndinalumikiza, nkuthamangira kaye mu Network & Internet kukayatsa Set as metered connection, chifukwa mukapanda kutero Windows imayamba kukoka ma update ake mwakachetechete ndipo bandulo imatha musanachite chomwe munagulira. Kutsegula Store, ikungozungulira zungulira kenako nkunena kuti yalephera kulumikizana. Kutsegula Chrome, nayo ikuti Your clock is behind. Apa tsopano thukuta linayamba, Photos ndachotsa ndi manja anga, Store yakana, mayi aja akubwera 2 koloko.

Mawu a wotchi ajawo ndi amene anandipulumutsa. Ndinayang'ana pakona pansi kumanja, deti likuti January 2013. Ndakhala ndikugwira ntchito masabata angapo osaonapo, nthawi ndimaonera pafoni. M'bokosi mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati kobidi, CR2032, komwe kamasunga nthawi magetsi akazima, kakatha mphamvu ndiye kuti magetsi akangothima deti limabwerera m'mbuyo. Ndipo kuno mukudziwa mmene magetsi amachitira. Mawebusayiti ndi Store amayamba aona ngati ziphaso zawo zachitetezo zikugwirizana ndi deti la kompyuta yanu, likakhala la zaka khumi zapitazo amakana kulankhula nanu. Ndinalowa mu Time & Language, kuzimitsa Set time automatically, kudina Change, nkulemba deti ndi nthawi pamanja. Pa time zone musavutike kusaka Lilongwe, musankhe ya UTC+02:00 Harare, Pretoria, ndi nthawi yathu yomweyi.

Nditatero ndinagwira batani la Windows ndi R, kulemba wsreset, Enter. Pamabwera kawindo kakuda kopanda kanthu, musakatseke, kakutsuka zinyalala za Store, pakapita kanthawi kamachoka kokha Store nkutseguka. Ndinasaka Microsoft Photos, Install, ndikudikira uku ndikuyang'anitsitsa bandulo ngati mphika wa mkaka pamoto. Itamaliza ndinapita ku Default apps kukaonetsetsa kuti pa Photo viewer pali Photos. Kudina chithunzi, chinatseguka, batani la muvi likuyenda bwinobwino kupita chotsatira. Chomwe chinaiwononga poyamba ndikuganiza kuti ndi tsiku lina magetsi anathima ili mkati moika update, koma ndinathamangitsabe sfc /scannow pa PowerShell pomwepo kuti ikonze mafayilo ena a Windows ngati anavulala, imatenga nthawi ndithu ndiye ndinaisiya ndikudya chimanga chootcha.

Mukapeza kuti Store mulibiretu m'kompyuta yanu musadabwe, anyamata ena okonza makompyuta amaika Windows yodulidwa dulidwa kuti izithamanga, kapena ya LTSC yomwe simukhala Store ndi Photos chiyambire. Pamenepo musataye nthawi, ingoikani IrfanView, ndi yaying'ono kwambiri, ya ulere pogwiritsa ntchito kunyumba, ndipo pamakompyuta okalamba imatsegula zithunzi msanga kuposa Photos. Ena amakonda Windows Photo Viewer ya pa Windows 7 ija, imakhalamobe mu Windows 10 yobisika koma kuti muidzutse mpaka mugwire registry, momwe Windows imasunga ma setting ake amkati, zomwe ine sindilangiza munthu amene manja ake sanazolowere.

Mayi aja anafika 2 koloko itadutsa pang'ono atanyamula jumbo la matemba, tinayamba kusankha, ichi ayi ndatsinzina, ichi eya apongozi aoneka bwino. Tili mkati tinakumana ndi zithunzi 30 zokana kutseguka, mtima unagundanso. Kuyang'ana mayina ake zonse zikuthera ndi .HEIC osati .JPG. Ndinawafunsa kuti mayi, izi anajambula ndani, akuti ndi mlongo wanga amakhala ku Johannesburg anabwera ndi foni yake yodula ija. iPhone imasunga zithunzi mwa mtundu umenewu kuyambira 2017, ndipo kuti Windows izione pamafunika HEIF Image Extensions ya mu Store, nthawi zambiri pamodzi ndi inzake ya HEVC yomwe ndi yogula ndi khadi ya kubanki. Ine khadi yogulira zinthu pa intaneti ndilibe, ndiye tinangowaimbira achimwene awowo pa WhatsApp kuti atumize zithunzizo pafoni yanga ngati zithunzi wamba osati ngati document, adinenso ka HD kaja, chifukwa zikadzera njira imeneyo zimafika zili JPG. Ndinawauzanso kuti ulendo wina alowe mu Settings, Camera, Formats asankhe Most Compatible. Anatumiza madzulo ataweruka kuntchito, ndiye mayi aja anatenga 40 zomwe zinali zokonzeka, zotsalazo anadzatengera mwana wawo Lachinayi.

Kabatire kaja ndinakagula kwa mkulu wina wokonza mawotchi kumsika, kusintha kwake ndi kuzula pulagi kukhoma, kutsegula chivindikiro cha m'mbali, kukankha kachitsulo kokagwira nkuika katsopano mbali ya + ili pamwamba. Msuweni wanga ndi amene anagwira tochi, mpaka pano akuti tikanafomata zikanatheka msanga.