Lachinayi: injini yalira popanda petulo

Injini yathu yalira lero, osamwa ngakhale dontho la petulo. Ndi kainjini ka jenereta ka silinda imodzi, komwe ife ophunzira za uinjiniya kuno ku Britain takhala tikukasintha kuti kaziyendera haidrojeni, gasi yemwe akayaka amasanduka madzi. Kabureta tinaichotsa, m'malo mwake tinaikapo injekita yopopera gasi pafupi ndi valavu yolowetsa mpweya.

M'mawa wonse watha tikupaka madzi a sopo polumikizira mapaipi, kuyang'ana ngati patuluke thovu. Haidrojeni sanunkha, lawi lake masana silioneka bwino, ndipo akangokwana 4 peresenti mumpweya amatha kuyaka. N'chifukwa chake botolo la gasi lili panja, kuseri kwa khoma.

Titaliza koyamba inangoti phaa! moto kubwerera chakolowera mpweya. Gasi ameneyu amayaka ndi kamoto kochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi petulo, moti nsonga ya pulagi ikatentha kwambiri imamuyatsa valavu isanatsekeke. Tinaika pulagi yosachedwa kuzizira, tinachedwetsa sipaki, tinachepetsanso gasi kuti mpweya uchuluke. Apo ndiye inagwira, kulira mosalala bwinobwino. Mnzanga anayandikitsa galasi ku ekizozi, timadontho ta madzi n'kuyamba kutsetsereka. Ndinangoti kakasi.

Komabe sindikondwa ndi amene amati injini yotere imatulutsa madzi okhaokha. Moto ukatentha kwambiri, naitrojeni ndi okosijeni wa mumpweya amaphatikizana n'kupanga NOx, utsi woipa m'mapapo. Titangowonjezera gasi, mita yathu yoyezera NOx inakwera. Tikachepetsa, NOx amatsika koma injini imafooka. Nkhondo yonse ili pamenepo.

Aphunzitsi atikumbutsa kuti njirayi anadutsamo kale ena: François Isaac de Rivaz anayendetsa ngolo ndi haidrojeni ku Switzerland cha m'ma 1807, ophunzira a ku yunivesite ya UCLA ku America anasintha galimoto ya AMC Gremlin mu 1972, ndipo Toyota inathamangitsa Corolla yotere pa mpikisano wa maola 24 ku Fuji, ku Japan, mu 2021.

Madzulo ndinaimbira malume, omwe ndi makaniko ku Ndirande. "Ndiye mphwanga, tizingothira madzi m'thanki, tiiwale zogona pa mzere wa mafuta?" Ndinati ayi malume. Kuti mupeze haidrojeni kuchokera m'madzi pamafunika magetsi, ndipo mphamvu yomwe mumapeza ndi yochepa kuposa yomwe mwalowetsa. Haidrojeni wambiri yemwe akugulitsidwa masiku ano amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi panthaka. Kwathu kumene magetsi sakwanira, imeneyo ndiye nkhani yaikulu.

Chomwe chandikhudza n'chakuti nditafotokoza za kuphulika kuja, sanadikire kuti ndimalize. "Taimingi imeneyo," anatero. Injiniyi ndi yomweyo imene akhala akumasula moyo wawo wonse: pisitoni, maring'i, mavalavu. Galimoto ya mabatire sangaidziwe poyambira, koma iyi akhoza kuikonza ndi masipanala awo omwewo, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ndimaikonda.

Anandifunsanso chinthu chimene tonse ku gulu sitinachikambe lero: nthunzi ikadutsa m'maring'i, madziwo sakulowa mu oyilo? Mawa m'mawa tikhetsa oyilo tione ngati wayamba kuyera.