Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mzime Wanga ndi Magule a ku Mexico

Ndabweranso abale anga. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka inu mayi a ku Kasungu amene munati munalira powerenga za maliro a bambo anga, aja ndinawaonera pa foni ndili kuno ku Indiana chifukwa cha mapepala. Mulungu akudalitseni. Ndipo inu achimwene amene mumangofunsa kuti "nanga mlamu uja zinatha bwanji", khalani bwino pampando, lero alimo.

Zaka zitatu zotsatira maliro aja mulibe nkhani. Kusamalira okalamba usiku, kugona masana, kutumiza ndalama kumudzi.

Nkhani inayamba mzime wanga atakwanitsa zaka 11. Mukukumbukira kuti titasiyana ndi bambo ake tinasamukira kumadzulo kwa South Bend, kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku Mexico. Mnzake wapamtima anali mwana wa mayi woyandikana nafe, wa ku Michoacán, uja ndinakuuzani kuti anandiphunzitsa kuphika nyemba zokanyakanya. Tsiku lina mwana anabwera ndi pepala loti ndisaine, akufuna kulowa gulu la ana ovina magule akwawo kwa mnzakeyo Loweruka lililonse. Pankafunika siketi yaikulu ndi nsapato zokhomedwa timisomali kuphazi ndi kuchidendene kuti zizilira pansi. Ndinasaina. Mwana amene ankangodzitsekera kuchipinda chichokereni bambo ake anayamba kuseka, ndiye ine ndikanakana bwanji?

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinasonkhana kudya nsima kwa banja lina la Amalawi. Mwana, mwachibwana chake, anaonetsa azakhali ake, mlamu wanga uja, kavidiyo ka pa foni. M'kavidiyomo munalinso anyamata a gulu lawo atavala zigoba kumaso. Mlamu anayang'ana, anabweza foni, nkupukuta m'manja pang'onopang'ono. Kenako ananena mokweza kuti aliyense amve: "Mayi a Chigwirizano, mwana mwamupereka ku zinyau za eni dziko? Komatu sitikudabwa. Magazi sanama. Agogo ake si aja anali a kudambwe?"

M'nyumba munangoti zii. Wina anatsokomola. Mwamuna wa mwini nyumba ananamizira kukatenga madzi. Ine ndinali ndi mbamu m'manja, ndinalephera kuiika kukamwa, ndinalepheranso kuibweza m'mbale. Inu amene munakulira ku Dedza kapena ku Mchinji m'nyumba ya mayi wopemphera ndi bambo wa Gule mukudziwa chimene mawu amenewo amachita. Ndinabwerera pa benchi ya Sande sukulu, pamene anzanga ankasuntha ndikakhala, ati kwathu kumanunkha utsi wa kumanda. Bambo anga sanalowepo m'tchalitchi kupatula tsiku la ukwati wanga, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pa bondo. Munthu ameneyu anagulitsa ng'ombe yake yomaliza kuti ndilembe mayeso a Fomu 4. Anali atagona m'manda zaka zitatu, ine osaponyapo ngakhale dothi, ndiye wina akumutukwana pa mbale ya nsima pamaso pa mdzukulu wake. Mwana anandiyang'ana kudikira kuti ndiyankhe. Sindinayankhe. M'galimoto pobwerera anandifunsa kuti, "Amami, dambwe ndi chiyani?" Ndinakweza wailesi.

Ena mudzafunsa kuti bwanji osangofufuza pa Google. Ndinayesa. Pa YouTube mumaona masiketi akuuluka, koma palibe amene akukuuzani kuti guleyu anachokera kuti ndipo akupembedza ndani. Komanso ndinkafuna chinthu chosindikizidwa, choti ndikachiike patebulo pamaso pa mlamu. Choncho ndinapita ku laibulale ya mzinda. Chiyambire ndinali ndisanabwerekepo buku. Ku National Library ku Lilongwe tinkangopitira tebulo ndi magetsi nthawi ya mayeso. Kuno khadi ndi yaulere, amangofuna chiphaso ndi kalata yosonyeza kumene ukukhala.

Mayi wa pa desiki, wachikulire wa imvi, sanandiseke nditamufotokozera. Analemba pa kapepala manambala awiri: 793.31, pamene pamakhala mabuku a magule a makolo, ndi 972, pamene pali mbiri ya Mexico. Anandionetsa kuti buku limene iwo alibe angathe kulibwereka ku laibulale ya mzinda wina, ine nkudzangolitenga likafika. Anandipezeranso ma DVD ndi nkhani za akatswiri zimene pa intaneti amagulitsa koma pa kompyuta zawo umawerenga ulere. Mabuku ena anali a Chisipanishi, ndipo amenewo tinkawerenga ndi mayi woyandikana nane uja kukhitchini kwake, iye akumasulira, ine ndikulemba m'kope.

Choyamba chimene chinandidabwitsa nchakuti magule amene mwana wanga ankaphunzira, momwe amavinidwira pa siteji, si akale kwambiri. Nkhondo yapachiweniweni imene inayamba mu 1910 itatha, boma la Mexico linkafuna chinthu chomangirira mitundu yawo pamodzi. José Vasconcelos, amene anali nduna ya maphunziro kuyambira 1921, analimbikitsa kuti magule a m'madera aziphunzitsidwa m'sukulu. Pambuyo pake mayi wina, Amalia Hernández, anayambitsa Ballet Folklórico de México mu 1952 ndi ovina 8 okha. Ankatenga magule a m'midzi, nkuwakonza kuti akwane pa siteji, ndipo gulu lakelo mpaka lero limavina ku Palacio de Bellas Artes mumzinda wa Mexico City. Nditawerenga izi ndinaseka ndekha. Ife a nthawi ya Kamuzu tikuzidziwa bwino zimenezi: gule wa kumudzi kumukweza lole, kumupatsa mphindi zowerengeka pa sitediyamu pa 6 Julaye, nkumutcha chikhalidwe cha dziko. Ena amati kumeneko nkupha gule. Ine ndimati pakanapanda siteji, ana obadwira kunja ngati wangayu sakanaona kalikonse.

Gule amene mwana ankamukonda kwambiri ndi Jarabe Tapatío wa ku Jalisco, wa mnyamata wofunsira mtsikana, uja mwamuna amaponya chipewa chachikulu pansi mkazi nkuvina mochizungulira. Anna Pavlova, katswiri wovina wa ku Russia, anamuvina ku Mexico mu 1919, ndipo anthu apamwamba amene ankanyoza guleyu anayamba kumulemekeza. Mulibe mzimu uliwonse m'menemo. Wina ndi wa ku Veracruz, kugombe, kumene amavala zoyera nkumaponda pa thabwa lotchedwa tarima kuti mapazi akhale ng'oma. Pa gule wawo wotchedwa La Bamba mwamuna ndi mkazi amamanga mfundo ya riboni ndi mapazi okha, osagwira ndi manja. Ku Veracruz kumeneko nkumene zombo zinkatsitsa akapolo ochokera ku Africa, ndipo kuli tauni yotchedwa Yanga, dzina la kapolo amene anathawira kumapiri ndi anzake nkulimbana ndi asilikali a Spain mu 1609. Mu 1766 khoti la mpingo linaletsa nyimbo ndi gule wa kumeneko wotchedwa chuchumbé, ati ngwolaula. Ndinaona kuti mlamu wanga si woyamba.

Kuti ndisanamizire munthu, ena mwa magule awo ndi a chipembedzo ndithu. Danza del Venado ya Ayaqui a ku Sonora, imene wovina amamanga mutu wa gwape pamutu pake ndi maseche m'miyendo, ndi mwambo wopatulika kwa eni ake. Ma Voladores a ku Papantla amakwera mtengo wautali, anayi nkudziponya atamangidwa zingwe, aliyense kuzungulira ka 13 kuti pamodzi ikwane 52, wachisanu ali pamwamba kuliza chitoliro ndi kang'oma. Kumeneko nkupempha mvula ndi chonde. Mwana wanga sankaphunzira zimenezo.

Koma anyamata a zigoba aja ndiwo ndinkawafuna. Ndinawapeza m'buku lalikulu la zithunzi, lolemera moti ndinangokhala nalo pansi pakati pa mashelefu. Danza de los Viejitos, gule wa nkhalamba, wa Apurépecha a ku Michoacán. Chigoba chake ndi chamtengo, nkhope yofiirira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, ikumwetulira, tsitsi loyera, chipewa cha maliboni, ndodo m'manja, nkhwaira za thabwa kuphazi. Amalowa atawerama, akunjenjemera, akutsokomola, wina atagwira ndodo ya mnzake, ena mpaka kugwa. Kenako nyimbo ikafulumira, mapazi aja amayamba kuwomba pansi mwamphamvu moti mnyamata sangawapeze. Ena amalemba kuti nkhope yofiirayo inali yoseka Asipanishi amene ankawalamulira.

Abale anga, ameneyo ndi Chadzunda. Amalowa m'bwalo akutsimphina, wokalamba, ng'oma zikakolera nkusanduka mnyamata. Ndipo nkhope yofiira yoseka mzungu ife tili nayo, ndi Simoni. Sindinena zambiri, ndikudziwa kuti a kudambwe mukuwerenga ndipo ine ndine mkazi wosalowa. Ndingoti ndili mwana ndinkaima kumbuyo kwa amayi oyimba, ndikuyang'ana mapazi a chilombo china, ndipo ndinkawadziwa mapazi amenewo. Anali ndi chala chimodzi chopindika. Ndinkathawira kunyumba ndi manyazi mayi asanadziwe kuti ndinapitako. Tsiku limenelo pa kapeti ya laibulale ndinalira maliro amene sindinalire pa foni paja. Ndinalira mokweza, mamina ndi misozi, mayi wamkulu wa yunifolomu ya kuntchito. Mnyamata wina amene ankabweza mabuku m'mashelefu anatembenuza kangolo kake mwakachetechete nkupita mzere wina.

Mayi wa pa desiki uja anabwera ndi tishu, osafunsa kanthu. Nditamuuza, anapita pa kompyuta nkundionetsa kuti UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, ma Voladores aja asanalembedwe mu 2009. Anandiitanitsiranso buku la zigoba zosungidwa ku Kungoni, ku Mua. Tangoganizani, zigoba za kwathu ku Dedza, zosonkhanitsidwa ndi wansembe, ine kukaziwerenga ku America. Usiku umenewo ndinamuyankha mwana funso lake lija, ndi zithunzi patebulo, mpaka pamene mkazi amaloledwa kufika.

Inu mayi amene munalemba kuti ndimakonda kukumba zakale, pepani, koma ichi ndichinena. Ndinajambulitsa masamba aja pa makina a ku laibulale, ndinawaika mu envelopu, ndinapita nawo kwa mlamu. Sanatsegule. Anati mabuku a azungu sangamuphunzitse Baibulo, ndipo envelopuyo anaikapo poto wotentha. Mlamu, ndikudziwa mumawerenga kuno ndi dzina lina. Mwana amene munamuchititsa manyazi uja anavina kutsogolo pa chikondwerero cha ufulu wa Mexico mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo ana anu awiri anali m'gulu la oonerera, akuwomba m'manja. Afunseni.

Patangopita milungu yochepa ndinalandira foni kuchokera kwa mkulu wa mpingo, ati akulu akufuna kundiona Loweruka pa nkhani ya mwana ndiponso ya udindo wanga ku Chigwirizano. Amene anakanena mukumudziwa kale. Zimene zinayankhulidwa m'chipinda chimenecho, ndi amene anaimirira kundiikira kumbuyo, munthu amene simungamuganizire, ndidzakuuzani m'gawo 15. Sabata ino ndili pa shifiti ya usiku, ndiye mundipirire.