Zikomo kwa mayi amene anatikumbutsa vesi lomwe tinkalidumpha

Ine ndi mkazi wanga tikufuna kuthokoza mayi ena achikulire, amene ngakhale dzina lawo sitikulidziwa, omwe anatipeza panja pa tchalitchi tikukalipira mwana wathu wamwamuna wa zaka 6 chifukwa chokana kukhala chete pa nthawi ya mapemphero. Mayi, inu simunatichititse manyazi pagulu, koma munatitengera pambali n'kutikumbutsa modekha kuti mutu 6 wa Aefeso, umene timakonda kuwerengera ana pa vesi 1 kuti azimvera makolo awo mwa Ambuye, umapitirira mpaka pa vesi 4, pomwe atate akuchenjezedwa kuti asamakwiyitse ana awo. Kunena zoona, vesi limeneli tinkangolidumpha.

Kuyambira tsiku limenelo tinasiya kulamula mokuwa. Timamufotokozera mwanayo chifukwa cha lamulo lililonse, ndipo tikanena kuti alandira chilango kapena mphatso timachitadi zimenezo, popeza tinazindikira kuti ankangoyesa ngati mawu athu ndi odalirika. Sanafike pomvera monga momwe tikufunira, komabe tsopano akalakwa amabwera yekha kudzapepesa.

Tikuthokozanso aphunzitsi a Sande sukulu amene mwakhala mukupirira naye mosatopa. Mulungu akudalitseni nonse.