Makatoni anayi a ku Yeoville

Ndalama zomwe ndinkatumiza kumudzi kwa zaka zitatu zinamanga nyumba ya malata ku Balaka. Lero mukugona mwamuna wina. Nkhaniyi ndinaimvera pa Park Station, pokwerera mabasi kuno ku Joni, ndikupereka bulangete kwa transipota kuti akamusiyire mkazi wanga. Anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, bwererani naloni."

Ndinatha milungu ingapo ndili chigonere. Achemwali anga, omwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, sanandilalikire ayi. Anangofika ndi makatoni anayi a mabuku omwe abwana awo anasiya posamuka. "Iwe, dzuka. Kulira walira, koma lendi salipira ndi misozi."

Ndinakayala mabukuwo mumsewu wa Raleigh ku Yeoville, pakati pa mayi wa tomato ndi mnyamata wa ku Congo wokonza mafoni. Lililonse R20. Ogula anali osowa, ndiye podikira ndinkawerenga ndekha katundu wangayo. Kunena zoona, tulo tinayamba kubwerera nthawi imeneyo.

Anasintha zinthu ndi amayi a Mvano a kutchalitchi kwathu. Mmodzi anaima, nkupendapenda, nkufunsa kuti, "Mwana wanga, la nyimbo la Chichewa mulibe?" Kuno ku Joni Baibulo la Chizulu kapena Chisutu ulipeza mosavuta, koma Buku Lopatulika umachita kuitanitsa. Ndinayamba kuoda ku Blantyre. Katoni imakwera basi, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo nthawi zina imafika ikununkha usipa wa eni ake. Palibe anabwezapo buku chifukwa cha fungolo.

Anzanga a chipereganyu anagwirizana kuti ndiyambe ndine kulandira, ngakhale ndinalowa mochedwa. Ndalamayo ndiyo inalipira kachipinda kuseri kwa saluni komwe tili panopa. Phindu ndi lochepa, ndisaname. Chimatisunga kwenikweni ndi mabuku akale a matric (kalasi yomaliza ya sekondale kuno) ndi makope mwezi wa Januwale, sukulu zikamatsegulira.

Loweruka masana kumabwera agogo ena, mtchona weniweni, amene anabwera ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, Kamuzu asanaletse ulendo wa kumigodi mu 1974. Amawerengera ana obadwira konkuno, omwe Chizulu chimaterereka pakamwa koma "ndapota nawo" amachita kumuganizira. Mipando ilipo itatu yokha, ndiye anawo timawayalira bulangete lija.